DONGOSOLO LA NDALAMA ZA PAMWEZI: NJIRA YOTULUKIRA M'NGONGOLE

Ife amene timayendera midzi ya ku Mitundu ndi ku Nathenje poona zimbudzi, zitsime ndi misika tidazindikira kale kuti matenda ambiri a pabanja amayambira m'thumba. Mwana amene wafika kuchipatala atakomoka ndi malungo, kawirikawiri amakhala kuti adayamba kutentha thupi masiku atatu apitawo. Makolo ake ankadziwa bwino lomwe kumene kuli chipatala, koma ndalama ya kabaza panalibe, ndipo onse amene akadawabwereka anali atawakongola kale. Mayi amene mwana wake sakukwera sikelo, mukamufunsa modekha, adzakuuzani kuti mtedza ndi soya zonse zidapita kwa mwini ngongole zisanalowe n'komwe m'nyumba. Chifukwa chake mwezi uno tikambirana za dongosolo la kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za pamwezi, limene ena amalitcha bajeti, ndi m'mene lingathandizire banja kubweza ngongole popanda kugona ndi njala.

NGONGOLE IMADWALITSA BWANJI?

Ngongole imalowa m'thupi kudzera m'njira zitatu. Yoyamba ndi ya chakudya. Banja limene lapanikizidwa limagulitsa chimanga m'mwezi wa Meyi kapena Juni, pamene mtengo uli pansi chifukwa aliyense ali nacho, ndipo limadzachigulanso mu Januwale ndi Febuluwale pa mtengo wokwera kwambiri. Pamenepo ndiwo zimachepa, mazira ndi nkhuku zimapita kumsika, ndipo pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa kusikelo pamatsala awiri okha, nsima ndi masamba. Oyamba kunyentchera ndi ana aang'ono ndi amayi oyembekezera.

Njira yachiwiri ndi kuchedwa kupita kuchipatala. Chithandizo m'zipatala za Boma n'chaulere, koma ulendo si waulere. Wodwala akatumizidwa kuchokera ku Mitundu kapena ku Nathenje kupita ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central, womudikirira amafunika ufa, nkhuni, sopo ndi ndalama yobwererera kumudzi. Banja lopanda kalikonse limayamba ladikira kuti mwina matendawo atha okha, ndipo masiku odikirawo ndi amene amasandutsa nthenda yaing'ono kukhala yaikulu.

Njira yachitatu ndi nkhawa. Munthu wangongole sagona tulo tabwino, amadzidzimuka akamva njinga yaima pakhomo, ndipo sachedwa kupsa mtima. M'nyumba mumayamba mikangano ndi ndewu. Amene ali ndi nthenda yothamanga magazi amaona kuti ikukulirakulira. Ena amathawira ku kachasu, ndipo ena amafika poganiza zodzichotsera moyo. Apolisi m'dziko muno akhala akutchula ngongole ngati chimodzi mwa zifukwa zimene anthu, makamaka abambo, amadzipherera. Motero kukonza za ndalama ndi mbali imodzi ya kupewa matenda, monganso kukumba chimbudzi ndi kugona m'neti.

NGONGOLE SIZIFANANA

Musanayambe kubweza, muyenera kudziwa khalidwe la ngongole iliyonse, pakuti ina imangokhala chete kudikira mwini wake, pamene ina imabereka mwezi ndi mwezi.

Yoopsa kuposa zonse ndi katapila. Munthu amatenga K10,000 ndipo pakutha pa mwezi amayenera kubweza K15,000, mwinanso K20,000. Akalephera, chiwongoladzanja nacho chimayamba kubereka. Mlongo wake wa katapila ndi ngongole yobweza ndi mbewu: munthu amalandira kandalama kochepa mu Febuluwale, nalonjeza thumba lathunthu la chimanga kapena la soya pa nthawi yokolola. Palinso kupinyolitsa munda, kumene kumalanda banja chinthu chokhacho chimene chikadalithandiza kubweza. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndalama zotere zimapezeka msanga, popanda mafunso, koma zimadya nkhokwe.

Yachiwiri ndi ngongole ya kubanki mkhonde. Njira imeneyi idayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger m'chaka cha 1991, ndipo idafalikira m'midzi yathu yambiri. Ubwino wake ndi wakuti chiwongoladzanja chimabwerera kwa mamembala pa tsiku logawana. Komabe iyenso ndi ngongole, ndipo amene walowa magulu atatu kapena anayi, n'kumatenga uku kuti akabweze uko, akukumba dzenje lina kuti akwirire lina.

Yachitatu ndi ya mabungwe obwereketsa ndalama, ma SACCO ndi mabanki. Awa amayendera malamulo amene Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa m'zaka za 2010 ndi 2011, ndipo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Muli ndi ufulu wofunsa, musanasaine kapena kudinda chala, kuti ndalama zonse zimene mudzabweze pamodzi ndi zolipira zina ndi zingati. M'gulu lomweli tiikemo ngongole za pafoni, zimene zimatengedwa mosavuta podina manambala, ndipo zimaiwalika mosavutanso.

Yachinayi ndi ya kwa achibale, anansi ndi agolosale. Iyi kawirikawiri sibereka, koma ikakhalitsa imapha chibale, ndipo pa tsiku la tsoka mudzasowa kogogoda.

KOPE, PENSULO NDI MPHASA

Zida za ntchitoyi ndi kope la sukulu limodzi ndi pensulo. Bambo ndi mayi akhale pansi pamodzi, madzulo ana atagona, ndipo aliyense aulule ngongole zake zonse, ngakhale zimene ankabisa. Tsikulo si la milandu ayi. Amene wamva za ngongole imene sankaidziwa adekhe mtima, pakuti akakalipa, ngongole yotsatira idzabisidwanso. Ngati nonse simudziwa kulemba, itanani mwana wa sukulu wosunga chinsinsi kapena mbale wokhulupirika. Mayi amene akulera yekha ana, kapena agogo amene akusunga zidzukulu, angathe kuchita chimodzimodzi ndi munthu amene amamudalira.

Pa tsamba loyamba lembani ngongole iliyonse pamzere wakewake: mwini wake, ndalama zimene zatsala, chiwongoladzanja cha pamwezi, tsiku lobweza, ndi chikole chimene mudapereka. Kuti zimveke bwino, tiyerekeze banja la anthu asanu ndi mmodzi, bambo, mayi ndi ana anayi. Manambala amene tilembe apa ndi ophunzitsira chabe. Inu muikepo anuanu malinga ndi mitengo ya pamsika wanu.

Katapila: K40,000, yobereka K20,000 pamwezi.
Banki mkhonde: K60,000, yobereka K10 pa K100 iliyonse pamwezi.
Agolosale: K15,000, yosabereka.
Alamu: K30,000, yosabereka.
Zonse pamodzi: K145,000.

Anthu ambiri akaona nambala yomalizayi amachita mantha. Koma ngongole yolembedwa ili ngati njoka imene mwaiona pabwalo masana. Yoopsa ndi imene ili m'nyumba mumdima.

WERENGANI ZA CHAKA CHONSE

Munthu wapantchito amalandira malipiro mwezi uliwonse, koma mlimi sali choncho. Ndalama za soya, mtedza ndi fodya zimabwera pakamodzi, pakati pa Epulo ndi Ogasiti. Za kudimba, monga tomato, kabichi, anyezi ndi chimanga chachiwisi, zimabwera m'chilimwe. Za ganyu ndi geni zimadontha pang'onopang'ono. Tsono mlimi akafuna dongosolo la pamwezi, ayenera kuyamba ndi kuwerengera chaka chonse.

Pa tsamba lachiwiri lembani zimene mukuyembekezera kupeza, ndipo powerengera tengani mtengo wotsika, osati umene mukulakalaka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama zimene mwana wa ku Joni adalonjeza pafoni musazilembe kufikira zitafika m'manja. Banja lathu lija lalemba motere: zokolola zogulitsa K700,000, dimba K260,000, geni ya mandasi ndi ganyu K300,000. Zonse pamodzi ndi K1,260,000.

Musanagawe ndalamazi, patulani zinthu ziwiri zimene siziyenera kukhudzidwa. Choyamba ndi chimanga cha chakudya. Mayi aliyense akudziwa kuti thumba la makilogalamu 50 limatha masiku angati pakhomo pake. Werengani matumba okwanira kufikira zokolola zina, muonjezepo limodzi kapena awiri a alendo ndi maliro, muumitse bwino, muthire mankhwala oteteza ku anankafumbwe kapena musunge m'matumba osalowa mpweya a PICS. Patulaninso mtedza, nyemba ndi soya za phala la ana. Chimanga chimenechi si cha ngongole, ngakhale mwini ngongole atalankhula mokweza chotani. Chachiwiri ndi ndalama za mbewu ndi feteleza, pakuti banja limene labweza ngongole zonse koma lalephera kulima lidzakongolanso chaka chamawa. Banja lathu lapatula K300,000 ya zipangizo za ulimi.

Zotsala ndi K960,000. Mukazigawa pa miyezi 12 mupeza K80,000. Amenewa ndiwo malipiro a pamwezi a banjali, ndipo mwezi wa Juni, pamene m'thumba muli modzaza, uyenera kudya zofanana ndi mwezi wa Febuluwale.

KUGAWA NDALAMA ZA MWEZI

Pa tsamba lachitatu gawani K80,000 ija, kuyambira ndi zimene zimasunga moyo:

Chigayo, mchere, mafuta ophikira ndi ndiwo zogula: K32,000.
Sopo ndi mankhwala othira m'madzi akumwa: K6,000.
Makope, zolembera ndi zina za kusukulu: K8,000.
Thumba la matenda: K6,000.
Maliro, chopereka ndi zochitika za m'mudzi: K4,000.
Mayunitsi a foni ndi maulendo: K4,000.
Kubweza ngongole: K20,000.

Taonani kuti sopo ali ndi mzere wakewake. Mabanja ambiri akapanikizika amayamba kudula sopo, poganiza kuti ndi chinthu chosafunika kwenikweni. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 udapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo boma la Lilongwe linali limodzi mwa maboma amene adakhudzidwa kwambiri. Mtengo wa sopo wa chaka chathunthu sungafike pa mtengo wa maliro amodzi. Taonaninso kuti za maliro ndi za m'mudzi zalembedwa. Munthu sangakhale m'mudzi osapereka chipepeso, ndipo dongosolo limene laiwala zimenezi limasweka mwezi woyamba womwe.

Kuwonjezera apo, tsiku lililonse madzulo lembani zimene zatuluka, ngakhale K200 ya machesi. Pakutha pa mwezi yerekezani zimene mudakonza ndi zimene zidachitikadi. Mwezi woyamba manambala sadzagwirizana, ndipo zimenezo zisakufooketseni. Mwezi wachiwiri mudzakhala mutadziwa pamene pakudontha.

IYAMBE NDI ITI?

Pano ndi pamene mabanja ambiri amasokera. Amayamba kubweza amene akulankhula kwambiri, kapena amagawa kandalama pang'onopang'ono kwa onse, ndipo palibe ngongole imene imatha. Lamulo lake ndi ili: yambani ndi ngongole imene ikubereka kwambiri.

Tiyeni tiwerengere. Banja lathu likamapereka K20,000 mwezi uliwonse kwa mwini katapila, ndiye kuti likungolipira chiwongoladzanja chokha. Pakutha pa miyezi 6 lidzakhala litapereka K120,000, koma K40,000 ija idzakhala ilipobe, ndipo ngongole zina zitatu sizidzakhala zitakhudzidwa. Katapila sabwezedwa pang'onopang'ono. Amadulidwa kamodzi, monga udzu wa kaufiti umene umazulidwa usanachite maluwa. Banjali ligulitse mbuzi imodzi kapena nkhuku zingapo, lipereke K60,000 pakamodzi, pamaso pa mboni, ndipo lilandire chikole chake tsiku lomwelo. Ngati ziweto palibe, K60,000 ichotsedwe pa ndalama za zokolola tsiku limene zagulitsidwa. Pamenepo malipiro a pamwezi atsika kufika pa K75,000, koma kutaya K5,000 pamwezi n'kopepuka poyerekeza ndi kutaya K20,000.

Katapila atachoka, K20,000 ya pamwezi ipite yonse kubanki mkhonde. Ngati gulu likuwerengera chiwongoladzanja pa ndalama zotsala zokha, mwezi woyamba ngongole ikhala K66,000 ndipo mukapereka patsala K46,000. Mwezi wachiwiri patsala K30,600, wachitatu K13,660, ndipo mwezi wachinayi ngongoleyo yatha, m'manja mwatsala pafupifupi K5,000. Imeneyi ipite kwa agolosale. Mwezi wachisanu mutsirize agolosale ndi kuyamba alamu, ndipo mwezi wachisanu ndi chimodzi mutsirize alamu. Banja limene layamba mu Juni lidzafika mu Novembala, mvula yobzalira ikuyamba, lilibe ngongole ndi munthu aliyense. K120,000 yomweyo imene ikadathera kwa katapila popanda chosintha yatsiriza ngongole zitatu. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Pali chinthu chimodzi chimene chingasinthe ndondomekoyi. Ngati pa ngongole ina mudapereka chikole cha munda, njinga imene mumapezera ndalama, kapena malata a nyumba, ndipo tsiku lolanda layandikira, pulumutsani chimenecho poyamba.

PITANI MUKAONANE NAWO

Pa miyezi imene agolosale ndi alamu akudikira, musawazembe. Pitani nokha, asanakutumizireni uthenga, mukanene zoona: "Alamu, ndalama zanu sindinaiwale. Ndayamba ndi ya katapila chifukwa ikundidya. Zanu ndiyamba mu Okutobala ndi kutsiriza mu Novembala." Munthu amene wauzidwa mwezi wake amapirira kuposa amene akuona mukukhota njira mukamuona pamsika. Lonjezani zimene kope likulola, osati zimene manyazi akukuuzani.

Kubanki mkhonde nenani vuto lanu pamsonkhano tsiku lobweza lisanakwane. Magulu ambiri ali ndi thumba la zadzidzidzi lothandiza pa matenda ndi maliro, ndipo ena amalola kuti masheya a membala achepetse ngongole yake. Kubungwe lobwereketsa ndalama kapena ku SACCO, kaonaneni ndi mlangizi wa ngongole ndi kupempha kuti akusinthireni masiku obwezera. Nthawi zonse mukapereka ndalama landirani lisiti, kapena onetsetsani kuti zalembedwa m'buku inu mukuona.

Mwini katapila naye angathe kukambirana, makamaka mukabwera ndi ndalama m'manja ndiponso pamaso pa a mfumu. Dziwani kuti m'malamulo a dziko lino muli lamulo lotchedwa Loans Recovery Act, limene limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake chapyola muyeso. Kuopseza, kumenya, kapena kulowa m'nyumba n'kunyamula katundu mwa mphamvu ndi milandu yokanena kupolisi. Chiphaso cha unzika, khadi la kubanki, khadi la Mtukula Pakhomo ndi buku la kuchipatala musazipereke ngati chikole kwa munthu aliyense.

THUMBA LA MATENDA

Wina angafunse kuti: bwanji kusunga K6,000 pamwezi pamene ngongole ilipo? Yankho lake ndi lakuti ngongole zambiri za katapila zimatengedwa usiku, mwana atadwala. Chakudza sichiimba ng'oma. Banja limene lili ndi ndalama ya njinga yamoto yokafikira kuchipatala silidzagogoda kwa katapila, ndipo silidzadikira kuti kuche kawiri. Pa miyezi 6 thumbali lidzakhala ndi K36,000. Lisungidwe padera, onse awiri adziwe pamene lili, ndipo mayi akhale ndi ufulu wolitsegula bambo atachokapo, pakuti malungo a mwana sadikira kuti mwini nyumba abwere kumsika.

Pakhomo pakakhala mayi woyembekezera, muli ndi miyezi yokwanira yokonzekera. Gulani chinthu chimodzi mwezi uliwonse: zitenje, beseni, sopo, ndi zina zimene anamwino akuuzeni kusikelo. Sungani ufa ndi ndiwo zouma za masiku amene mayi akakhale ku nyumba yodikirira ya pachipatala. Ngati chipatala chimene muli nacho pafupi ndi cha mishoni, monga cha Nkhoma, funsiranitu zimene zimalipiridwa ndi zimene zili zaulere, kuti muzilembe m'kope. Nthawi zina mankhwala ena amasowa ndipo wodwala amauzidwa kukagula. Thumba la matenda ndi la zoterezi.

ZAULERE ZIMENE ZIMASUNGA NDALAMA

Njira ina yochepetsera zotuluka ndi kugwiritsa ntchito mokwanira zimene zimaperekedwa popanda malipiro. Katemera wa ana ndi waulere. Anthu a ku Mitundu akumbukira kuti pa 23 Epulo 2019 pachipatala chawo ndi pamene padakhazikitsidwa ntchito yopereka katemera wa malungo kwa ana, ndipo Malawi lidali dziko loyamba kuchita zimenezi, Ghana ndi Kenya n'kutsatira pambuyo. Katemerayu amachepetsa malungo koma salowa m'malo mwa neti; mwana alandire maulendo onse ndipo azigonabe m'neti. Kuyezetsa malungo ndi mankhwala a LA n'zaulere m'zipatala za Boma. Kugula mapiritsi pagolosale popanda kuyezetsa ndi kulipira kawiri, poyamba kwa wogulitsa, kenaka pa ulendo wa kuchipatala matenda atakula.

Njira zolerera nazo zimapezeka kuchipatala ndi kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Banja limene likulimbana ndi ngongole lichita bwino kukambirana za nthawi yoyenera kudzakhalanso ndi mwana wina. Chimbudzi chokhala ndi chivundikiro, mpondagiya wosambira m'manja, dzenje la zinyalala ndi thandala la mbale zimafuna mphamvu zanu zokha. Kadimba ka pakhomo ka mpiru, bonongwe ndi nkhwani, kothiriridwa ndi madzi otsukira ziwiya, kamachepetsa ndalama za ndiwo. Manyowa a kompositi ndi a ziweto amachepetsa feteleza wogula. Alangizi a zaulimi adzakuonetsani kapangidwe kake.

KUSUNGA PAMENE MITENGO IKUKWERA

Vuto la mlimi ndi lakuti ndalama zimabwera pakamodzi, ndipo ndalama za m'nyumba zimamva kuitana. Vuto lina ndi lakuti kwacha imatha mphamvu. Mu Meyi 2022 idatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse. Amene adasunga ndalama za feteleza pansi pa mphasa adapeza kuti sizikukwaniranso thumba limene ankafuna. Chifukwa chake mbewu ndi feteleza gulani msanga mukangogulitsa zokolola, kwa ogulitsa odziwika, ndipo muzisunge pouma, kutali ndi chakudya ndi ana.

Zokolola zogulitsa musazitulutse zonse tsiku limodzi. Gulitsani zokwanira kudula katapila ndi kugula zipangizo, ndipo zotsala muzitulutsa thumba limodzilimodzi malinga ndi zofunika za mwezi, pakuti mtengo wa mbewu umakwera chaka chikamapita. Mtedza ndi chimanga ziume bwino ndipo zisakhudze pansi, kuopa chuku chimene chimaononga chiwindi ndi kugwetsa mtengo. Ndalama zimene zili m'manja zisungidwe ku Airtel Money, ku Mpamba, kubanki kapena ku SACCO, ndipo muzitapa kamodzi pamwezi, chifukwa kutapa kulikonse kuli ndi mtengo wake. Nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale woimba foni atanena kuti ndi wa kukampani.

MABOWO A M'THUMBA

Kope likayenda mwezi umodzi limaulula zimene pakamwa sipanena. Bambo amene amamwa mowa wa K1,000 tsiku lililonse amataya K30,000 pamwezi, ndalama zoposa zimene banja lathu lija lapatula kuti libweze ngongole. Kubetcha pa mpira ndi juga zimalonjeza kuchotsa munthu m'ngongole tsiku limodzi, koma zidakonzedwa kuti mwini wake ndiye azipindula. Fodya wosuta, kanyenya wa pa tsiku la msika, mayunitsi ochezera nkhani zopanda pake, nsalu yatsopano ya mwambo uliwonse: chilichonse pachokha n'chaching'ono, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Sitikunena kuti munthu asasangalale konse. Gwirizanani kandalama kochepa ka bambo ndi ka mayi, kolembedwa m'kope, kamene aliyense angagwiritse ntchito popanda kufunsidwa, kakatha, katha.

Pa miyezi yobweza ngongole, lamulo la pakhomo likhale lakuti palibe kutenga ngongole yatsopano popanda onse awiri kugwirizana. Ukwati, chinkhoswe ndi kumanga chiliza zingathe kudikira kapena kuchitika modzichepetsa. Achibale opempha thandizo auzidwe zoona mwaulemu, ndipo apatsidwe zimene mzere wa za m'mudzi ukulola.

MWEZI UKAVUTA

Chaka sichiyenda monga m'mene chidalembedwera. Mvula ingathe kudula, monga idachitira mu 2024 pamene Boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya njala. Maliro angagwe, tomato angagwe mtengo. Zikatero musataye kope. Khalaninso pamphasa, muchepetse mizere ya pansi, muteteze chakudya, sopo ndi thumba la matenda, ndipo mukauze eni ngongole kuti mwezi uno mupereka zochepa. Ngongole ya miyezi 6 ikatha pa miyezi 9, yathabe.

Ndipo ngati inu, kapena mnzanu wa pabanja, wafika posowa tulo masiku ambiri, posafuna kudya, podzipatula, kapena polankhula zakuti kuli bwino kungofa, musazitenge ngati nthabwala. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe pafupi naye, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Auzeni adokotala kapena anamwino mosabisa. Abusa, a shehe, ankhoswe ndi a mfumu nawonso angathandize kukhala pakati pa inu ndi eni ngongole. Mutu umodzi susenza denga. Palibe ngongole imene mtengo wake ungafanane ndi moyo wa munthu, ndipo imfa ya kholo imasiyira ana umphawi woposa umene linkauthawa.

Ngongole yomaliza ikatha, K20,000 ija musaibwezere ku zinthu wamba. Banja lazolowera kale kukhala popanda iyo. Ipitirire kutuluka mwezi ndi mwezi, koma tsopano ilowe m'thumba la matenda kufikira litakwana ulendo wa ku Lilongwe ndi masiku angapo a kuchipatala, kenaka igule masheya kubanki mkhonde, mbuzi yolowa m'malo mwa imene idagulitsidwa, ndi silabu ya simenti ya pachimbudzi.

Abambo ndi amayi, pamene mukudikira pamzere wa sikelo kapena wa mankhwala lero, yambani kuwerenga m'mutu anthu amene muli nawo ngongole. Pobwerera kunyumba gulani kope. Tsamba loyamba lilembedwe sabata ino, ndipo ngati manambala akuvutani, afunseni alangizi a zaumoyo kapena a zachitukuko akabwera m'mudzi mwanu. Adzakhala nanu pansi ndi kuwerengera nanu pamodzi.